Pali Wotsutsa?

"Tsitsani mawu, mayi, pamsewupo pakudutsa anthu."

"Adutse. Si omwewo anali kumsonkhano? Zimene ndikunena panozi azimva kale ndi makutu awo."

Wamakiyi adakankha chitseko ndi chidendene, nakhala pa thumba la feteleza lomwe lidali pakona. Makiyi a geti la madzi, amene adampatsa dzinalo, adalira m'chiuno mwake. Mkazi wake adali chiimire pakati pa nyumba, matope a kudimba adakali m'miyendo.

"Zaka khumi ndi ziwiri chiyambire sikimu yathuyi," adatero Wamakiyi, "palibe adakwezapo chala kutsutsa. Ngakhale woledzera. Ngakhale wamisala uja ankagona pansi pa mlatho, akamva kuti 'Pali wotsutsa?' ankatseka pakamwa. Lero chala choyamba chatuluka m'nyumba mwanga. Ndipo mukutsutsa ndani? Achimwene anga enieni, bere limodzi!"

"Sindinatsutse alamu anga ine. Ndatsutsa masiku awiri."

"Masiku awiriwo anabwera okha kumsonkhano? Ali ndi miyendo?"

Nkhani yake idali ya madzi. Ngalande yochokera ku damu inkadyetsa madimba makumi atatu ndi anayi: khumi ndi asanu kumtunda, khumi ndi asanu ndi anayi kumunsi. Chaka ndi chaka ankagawana masiku atatuatatu, Lamulungu geti n'kupuma. Chaka chimenechi damu lidaphwa kufika poonetsa zitsa, ndipo Tcheya wa sikimu, yemwe adali mkulu wake wa Wamakiyi, adabwera ndi ganizo latsopano: kumtunda masiku asanu, poti kudali tomato amene wogula wa m'tauni ankamudikira, kumunsi masiku awiri. Kadimba ka Wamakiyi kadali kumtunda, pambali pa la mkulu wake. Dimba la mkazi wake, limene adamsiyira malemu bambo ake, lidali lotsiriza kumunsi kwenikweni, ndipo lidali lodzaza ndi anyezi.

"Bambo," mayiyo adatsitsa mawu tsopano, koma osati chifukwa cha anthu apamsewu, "inu madzi mumawadziwa kuposa aliyense. Ngalande yakumunsi ikakhala masiku asanu youma, inu n'kutsegula m'mawa, madzi angafike liti pa anyezi wanga?"

"Zimatengera."

"Musandiyankhe ngati mlendo. Angafike liti?"

Wamakiyi adayang'ana zala zake zakuphazi. "Mawa lake chakumasana. Ngalande imayamba yamwa yokha."

"Tsiku ndi theka ngalande ikumwa. Theka lotsalalo tigawane anthu khumi ndi asanu ndi anayi, ine womaliza. Ndiye ndikhale chete? Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, bambo."

"Mukanandiuza ine, ine n'kukauza achimwene pambali. Mutu umodzi susenza denga, mayi. Ife sitivota ngati andale, kuti ena aziseka ena akulira. Ife timagwirizana. Nanga taonani zimene chala chanucho chabala: gawo lakale latha, latsopano silinavomerezedwe, ndiye geti likhala lotseka mpaka titagwirizana. Tonse tiuma, kumtunda ndi kumunsi komwe."

"Watseka geti ndi ine?"

"Mwayambitsa ndi inu."

"Makiyi ali m'chiuno mwa ndani?"

Wamakiyi adadzuka, natuluka, chitseko n'kuchisiya chikulira.

Dzuwa la mwezi umenewo silidali la masewera. Linkatuluka ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Pofika tsiku lachinayi masamba a tomato adayamba kupinda makutu, kabichi adagwetsa mapewa, ndipo anthu adayamba kudutsa pakhomo pa Wamakiyi osapereka moni. Azimayi a kumtunda adamupatsa mkazi wake dzina latsopano, Nachala, ndipo lidamamatira ngati chisoso pa nsalu. Kumjigo akafika, nkhani zinkaduka, zidebe zokha n'kumalankhula. Mkazi wa Tcheya ndiye sankabisa n'komwe.

"Mpatseni malo Nachala atunge, anzanga," ankatero mokweza. "Musachedwetse munthu wamkulu. Ameneyu chala chake chimodzi chimaumitsa damu."

Koma pali chinthu china chimene Wamakiyi adachiona, chimene anthu akumjigo sadachione. Kuseri kwa nyumba yake, kumene kudali khola la nkhuku, kudayamba kudutsa anthu amene kale sankadutsako. Woyamba adali wokonza njinga, mwamuna wa dimba lachitatu kuchokera kumapeto. Adabwera masana dzuwa lili pamutu, atanyamula tayala ngati wasochera nalo. Wamakiyi adali m'nyumba akusoka nsapato, ndipo mawu ankalowera pawindo.

"Mayi, mwatilankhulira," adanong'ona wokonza njinga. "Ine tsiku lija mtima unkachita kuvina. Masiku awiri ndi imfa."

"Nanga chala chanu chinali kuti, achimwene?"

"Aaa, chala changa chinali ndi girisi, mayi." Adaseka pang'ono, kenaka kuseka kudazima. "Mukudziwa inu. Kabichi wanga amapita kumsika pa lole ya a Tcheya. Mbewu zikabwera amagawa ndi iwo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma limbikani, tili pambuyo panu."

"Pambuyo patali bwanji?"

"Pafupi, mayi, pafupi ndithu."

Atachoka, Nachala adalowa m'nyumba ndi kamwala kakang'ono m'manja, nakaika pawindo pambali pa kena kamene kadalipo kale.

"Timiyalato ndi ta chiyani?" adafunsa Wamakiyi.

"Aka ndi ine. Aka ndi wokonza njinga."

Tsiku lotsatira kudabwera mayi wamasiye wa dimba la mpiru, akunamizira kufuna singano. Kenaka mkulu wa kwaya, akunamizira kufunsa mtengo wa nkhuku. Kenaka mapasa ena olima nyemba, mmodzi m'mawa wina madzulo, aliyense akupempha kuti mbale wake asadziwe. Onse ankanong'ona mawu amodzimodzi, onse ankachoka akuyang'ana uku ndi uku ngati aba mazira, ndipo aliyense akachoka pawindo pankawonjezeka kamwala.

Msonkhano wachiwiri udachitika patatha sabata, mu shedi yosankhiramo tomato. Pakhoma, m'galasi lopukutidwa bwino, padali satifiketi imene alangizi a zaulimi adapereka ku sikimuyo chifukwa chokhala gulu lopanda mikangano. Tcheya adaima pansi pake. Adali munthu wa thupi lake, wa mawu okoma ngati wailesi yatsopano, ndipo sankakalipa. Ukulu wake udali pomwepo: munthu ankakumeta uku ukumwetulira.

"Abale anga," adayamba, "ine ndayenda. Ndagwirapo ntchito kumadoko, ndakhalapo kumigodi. Ndaona magulu akuluakulu, a mathirakitala awo, akutha ngati makatani chifukwa cha kuwerenga zala. Mukawerenga zala, mawa muwerenga adani. Ife kuno ndife banja. Tsono ndifunsenso mwaulemu: kumtunda asanu, kumunsi awiri. Pali wotsutsa?"

Chala chimodzi chidakwera.

"Alamu," adatero Tcheya mokoma, "mbewu za anzanu zikufa."

"Zanga zikufanso, alamu. Ine sindikupempha kuti mundimvere. Ndikupempha chimodzi chokha: tiwerengane. Ofuna masiku awiri akweze manja, osafuna akwezenso. Ndikagonja, ndigonje anthu atandiwerenga, ndipita kwathu osadandaula, geti litsegulidwe lero lomwe. Koma musandiuze kuti ndinene kuti ndikufuna chinthu chimene sindikuchifuna."

"Mwamva, abale? Akufuna tigawikane. Alipo wina akufuna kuti tiyambe kuvota ngati andale?"

Inu, munthu akhoza kuzungulira mayiko, kugona m'madepoti a mabasi, kuona misonkhano ya anthu oponyerana mipando mpaka apolisi kubwera, koma bata lidagwa mu shedi muja sangalipeze kwina. Wokonza njinga adapeza ntchito yochotsa girisi m'zikhadabo. Mkulu wa kwaya, munthu woti akaimba mbalame zimathawa padenga, adangoti maso pa denga lomwelo. Mayi wamasiye adakonza mpango umene udali wokonzeka kale.

"Ndiye sitinagwirizane," adatero Tcheya mwachisoni. "Geti likhalabe lotseka. Tidzakumananso Loweruka likubwerali, thuu koloko masana. Pitani mukapemphere."

Potuluka, mnyamata wina wa kumtunda, bambo wa ana atatu amene tomato wake adali atayamba kuyoyoka maluwa, adalavula pafupi ndi phazi la Wamakiyi. "Mwamuna ndi amene amatseka geti la kunyumba kwake," adatero, osamuyang'ana.

Kunyumba Wamakiyi adapeza mkazi wake akuwerenga timiyala.

"Miyala sikweza manja, mayi. Mwaona nokha lero."

"Ndaona. Aliyense amaopa kukhala wachiwiri. Ndiye ndiwayendera mmodzimmodzi, ndiwauze kuti sali okha, ndiwatchulire anzawo mayina. Loweruka tidzakweza pamodzi, nthawi imodzi, pasadzakhale woyamba kapena wachiwiri. Lole ya alamu singasiye kabichi wa anthu onsewa, idzanyamula chiyani?"

Wamakiyi adayandikira pawindo nawerenga ndi chala. Adawerenganso kachiwiri.

"Ilipo makumi awiri. Kumunsi muliko khumi ndi asanu ndi anayi. Winayu ndani?"

"Ameneyo sananene kanthu. Koma mtima wake ndimaudziwa."

"Wa kumtunda?"

"Wa kumtunda."

Wamakiyi adapukusa mutu. Adayesa kuganiza kuti angakhale ndani wopusa chotero, koma sadampeze.

Lachinayi m'mawa Tcheya adamuitanitsa. Adampeza kuseri kwa shedi atatsegula boneti ya lole, malaya atapinda, akuyang'ana injini ngati dokotala.

"Mng'ono wanga, khala apa. Wadya?"

"Ndadya, achimwene."

"Ukunama, wawonda. Nyumba ya mkangano sinenepetsa." Adapukuta manja ndi kansanza. "Ndamva kuti alamu akuyenda khomo ndi khomo."

"Ndi anyezi, achimwene. Mtima ukuwawa. Komanso zimene akunenazo, za tsiku ndi theka zija, si zabodza kwenikweni. Mwina tikanati kumtunda anayi, kumunsi atatu..."

"Ndiye wogula uja ndikamuuze chiyani? Kuti tomato wake wamwedwa ndi anyezi? Akatithawa chaka chino sadzabweranso, ndipo akumunsi omwewo adzalira. Ine ndimaona patali, mng'ono wanga, n'chifukwa chake anandiika pano. Ndikalola zala Loweruka, chaka chamawa adzafuna zala pa mbewu, zala pa lole, zala pa makiyi akowo. Wamva? Pa makiyi akowo."

Wamakiyi adagwira m'chiuno osadziwa.

"Tamvera tsono. Msonkhano wa Loweruka wasintha, ukhala eyiti koloko m'mawa. Ena onse adzauzidwa m'mawa momwemo, pakhomo pawo, kuti anyamuke pomwepo. Pakhomo pako wouza ndi iwe."

"Ndiye ndikawauze mayi..."

"Ukaiwale."

"Achimwene!"

"Sindinati ukaname. Munthu saiwala? Iwe udzakhalapo, nyumba yako idzakhala kuti yaimiridwa. Tikagwirizana, geti ukatsegula tsiku lomwelo. Tapita ukaone dimba la mnyamata anakulavulira uja. Ana atatu. Sabata inanso yotseka, palibe adzakolole kanthu, kumtunda kapena kumunsi. Ukufuna anthu makumi atatu ndi anayi adzagone ndi njala chifukwa walephera kuiwala kamodzi?" Adaika dzanja paphewa pa mng'ono wake. "Bambo atamwalira unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anakunyamula paphewa kukuwolotsa mtsinje popita kusukulu ndani? Sindinakupemphepo kanthu. Lero ndikupempha kuti ungokhala chete. Ndi ntchito imeneyo?"

Pobwerera Wamakiyi adadzera kumadimba. Adaona tomato wa mnyamata uja atagona pa timitengo take ngati zovala zoyanikidwa. Adaona wake womwe. Adatsika ndi ngalande youma, yong'ambika ngati chidendene cha mlimi, mpaka kumapeto. Kumeneko adampeza mkazi wake ndi ndowa pamutu, akuchokera kuchitsime cha kutsidya kwa msewu, ulendo wa mphindi makumi awiri kupita kokha. Ankathirira anyezi ndi kapu, phando limodzi kapu imodzi, ngati akumwetsa odwala.

"Ingogwirani mpaka Loweruka," ankawauza anyeziwo. "Loweruka lokha."

Wamakiyi adabwerera mkazi wake asanamuone.

Loweruka kudacha kopanda kamtambo. Nachala adadzuka mbandakucha, namanga nkhata, natenga ndowa yake. Ali pakhomo adatembenuka.

"Onse avomera, bambo. Ngakhale mapasa aja ndawakhazika pamodzi, aseka okha. Ndikakweza ine, onse akweza. Nthawi ndi yomwe ija?"

Wamakiyi adali atawerama, akumanga chingwe cha nsapato chimene chidali chomanga kale.

"Bambo, ndikufunsa. Thuu koloko?"

Kuiwala kudakanika. Mkulu wake adalonjeza kuti sipadzafunika bodza, koma funso lidali litaima pakhomo ndi ndowa pamutu.

"Thuu koloko," adatero.

"Ndiye ndithirira mpaka dzuwa lifike pamutu, ndidzasambe, tidzapitire limodzi. Mudzavale malaya oyera aja, ndawasita."

Eyiti koloko isanakwane shedi idali itadzaza. Akumunsi adalowa akuyang'anayang'ana, aliyense akufunafuna nkhope imodzi. Wokonza njinga adasuzumira pakhomo kawiri. Mayi wamasiye adafunsa Wamakiyi ndi maso, iye n'kuyang'ana kumbali. Pang'onopang'ono akumunsiwo adazindikira kuti Nachala sadauzidwe, ndipo mapewa awo adatsika mmodzimmodzi.

Tcheya sadataye nthawi. Adapemphera mwachidule, nayamika Mulungu chifukwa cha mtendere, nawerenga ganizo lija.

"Kumtunda asanu, kumunsi awiri. Pali wotsutsa?"

Wamakiyi adamva dzanja lake lamanja likutentha. Ankadziwa kuposa munthu aliyense mu shedimo kuti madzi a masiku awiri safika kumapeto. Ankadziwanso kuti anthu khumi ndi asanu ndi atatu akungodikira chala chimodzi, cha aliyense, kuti nawo akweze. Dzanjalo lidanyamuka pabondo, lidafika pachifuwa. Tcheya adamuyang'ana, osakwiya, maso achifundo a munthu amene adakunyamulapo paphewa. Dzanja lija lidakanda pachifuwa, n'kubwerera pabondo.

"Ndifunsenso, asadzati sindinafunse. Pali wotsutsa?"

Kunja nkhuku idalira.

"Tagwirizana!"

Akumtunda adaomba m'manja, azimayi adalulutira, mkazi wa Tcheya adayambitsa nyimbo. Akumunsi nawo adaomba, mwaulesi, ngati akuphera udzudzu. Phokoso limenelo ndi limene lidatsika ndi mphepo mpaka kumsewu wa kuchitsime.

Nyimbo idaduka pakati. Pakhomo pa shedi padaima Nachala, akupuma mwabefu, ndowa ili m'manja, theka la madzi litamukhuthukira pa bulauzi.

"Pakuchitika chiyani pano?"

"Alamu, takulandirani," adatero Tcheya. "Mwachedwa pang'ono. Tagwirizana, geti likutsegulidwa."

"Ine ndikutsutsa."

"Nkhani yatsekedwa, alamu. Madzi akatayika saoleka. Ndafunsa kawiri, onsewa ndi mboni. Nyumba yanu inalipo, amuna anu ndi awo, sanatsutse."

"Kandimverere adakanena za m'maluwa. Dimba lija ndi la amuna anga? Ngalande imeneyi bambo anga anakumba nawo ndi khasu lawo, inu muli kumadoko kwanuko!" Adaika ndowa pansi natembenukira anzake. "Achimwene okonza njinga, mwala wanu uli pawindo panga. Amayi, wanu ulipo. Akulu a kwaya, munalumbira dzulo dzanja lili pachifuwa. Inu mapasa. Inu. Inu. Khumi ndi asanu ndi atatu muli muno! Akumtunda alipo khumi ndi asanu okha. Simukudziwa kuwerenga?"

"Mayi," adatero wokonza njinga, mawu ali pansi, "tinapangana kuti muyamba ndi inu. Ife timadikira inu."

"Ndiye ndayamba. Nachi chala. Kwezani!"

Chala chake chidaima chokha m'mwamba, chonyowa. Palibe chidachitsatira. Anthu adali ataomba kale m'manja, ndipo munthu amene waomba m'manja amachita manyazi kawiri.

"Mwaona, alamu?" adatero Tcheya mofatsa. "Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tiyeni tikhale banja."

Nachala adatsitsa dzanja. Adayenda pakati pa mabenchi mpaka pamene padakhala mwamuna wake, naima. Wamakiyi adayembekeza kutukwanidwa, mwina kumenyedwa mbama, ndipo akadalandira mokondwa. Koma mayiyo adangoyang'ana dzuwa limene linkalowera pakhomo, lidakali la m'mawa, nafunsa ndi mawu aulemu:

"Thuu koloko yakwana, bambo?"

Adatola ndowa yake, natuluka.

Geti lidatsegulidwa tsiku lomwelo. Masiku asanu madzi adasewera kumtunda, tomato adadzuka, anthu adayambanso kupereka moni kwa Wamakiyi, ndipo mnyamata adamulavulira uja adamubweretsera nkhuku yopepesera. Tsiku la akumunsi litafika, Wamakiyi adatembenuzira madzi ku ngalande yawo dzuwa lisanatuluke, nayamba kuyenda nawo limodzi. Adawaperekeza ngati mlendo wolemekezeka. Ankawachotsera zinyalala patsogolo, ankatseka ming'alu ndi dothi, ankawakankha ndi fosholo, ankawalankhula. Koma ngalande idali ndi ludzu la masabata atatu. Idamwa, idamwanso. Tsiku loyamba lidatha madzi asanafike pakati. Tsiku lachiwiri aliyense wa kumunsi adaima pa dimba lake ndi khasu, kupatutsa kadontho kalikonse kodutsa, ndipo anthu amene adalephera kukweza chala pamaso pa Tcheya adakwezerana makasu okhaokha. Mapasa aja adamenyana mpaka wina kuthyoka dzino.

Dzuwa likupendeka, lilime la madzi, lopyapyala ngati lamba, lidafika pa dimba la wokonza njinga, lachitatu kuchokera kumapeto. Lidaima pamenepo, n'kulowa pansi. Nachala adali ataima pamalire a anyezi wake, khasu lili m'manja, akuliyang'ana. Pakati pa iye ndi madziwo padali mapazi makumi anayi a dothi louma.

"Ndikhoza kusiya chitsegulire mpaka m'mawa," adatero Wamakiyi. "Palibe angadziwe."

"Munagwirizana masiku awiri, bambo. Katsekeni."

"Mayi, ndikuti ndikhoza..."

"Mukaba madzi usiku kuti mundipatse, mawa ndidzakhala wakuba. Ine ndimafuna kuwerengedwa masana. Katsekeni."

Adakatseka.

Anyezi adalimba sabata ina imodzi ndi madzi a m'kapu, kenaka chitsime cha kutsidya nacho chidaphwa. Masamba adasanduka achikasu, adagona, adauma, mpaka mbuzi zinkadutsa osawanunkhiza. Mayi wamasiye adasiya dimba lake napita kukakhala kwa mwana wake. Wokonza njinga adabwerera ku njinga zake, ndipo akamuona Nachala pamsewu ankawerama pa tcheni.

M'nyumba mwa Wamakiyi mudalowa bata. Madzi osamba ankawapeza ali okonzeka, chakudya chili patebulo nthawi yake, malaya ositidwa. Akati, "Ndikuganiza zogulitsa nkhuku ziwiri," yankho linkakhala, "Monga mwanenera, bambo." Akati, "Kapena tisagulitse," yankho linkakhala lomwelo. Mkazi amene kale ankatsutsa ngakhale kakhomedwe ka msomali, amene ankakangana naye za mtundu wa utoto wa chitseko mpaka onse awiri kugwa ndi phwete, tsopano ankavomera chilichonse asanamalize n'kunena komwe. Tsiku lina Wamakiyi adanena dala kuti mvula imachokera pansi kupita kumwamba. "Monga mwanenera, bambo," adatero mayiyo, akupitiriza kusesa.

Tsiku limene lole idanyamula tomato woyamba, alangizi adabwera ndi satifiketi ina, ya chaka cha khumi ndi chitatu chopanda mkangano. Kudali nyimbo ndi zithunzi. Wamakiyi adathawako mwambo usanathe. Adampeza mkazi wake akupukuta pawindo. Timiyala tija adali atatikokolera m'chogwirira zinyalala.

"Mayi," adatero, "nenani kanthu. Nditukwaneni. Ndiponyereni mbale. Ndinalakwa, ndikudziwa. Ndinkaona mbewu za anthu zikufa, achimwene nawo... Nditsutseni, chonde, ngakhale kamodzi."

"Nditsutse chiyani, bambo? Tinagwirizana."

Adanyamula chogwirira zinyalala kuti akataye kudzala. Ali pakhomo adaima, nasankhasankha ndi chala pakati pa timiyalato, natola kamodzi, koyera, kosalala kuposa tinzake. Adabwerera, natsegula dzanja la mwamuna wake, nakaika pachikhatho.

"Aka sinditaya ndi tinzake. Ndi ka makumi awiri kaja munkafunsa. Kanali kanu."

Adatuluka. Wamakiyi adatsala chiimire, kamwala kali m'dzanja, makiyi ali m'chiuno. Pamsewu pankadutsa azimayi awiri ochokera ku mwambo wa satifiketi, ndipo mmodzi adaloza nyumbayo ndi mlomo.

"Mwaona mmene mwakhalira bata umu masiku ano? Anthu akagwirizana zimakoma."